Whisky wa ku Orkney uja ndamutsegula, koma mphuno yanga ikunena zina

Mwana wa ku Kasungu:
Moni nonse a pa gulu. Botolo lija ndinakuuzani mwezi watha ndalitsegula. Ndi Highland Park wa zaka 12, amene ndinagula ku Kirkwall titapita kukaona zilumba za Orkney ndi mayi a kunyumba. Amene simunafikeko, kuchoka kuno ku Aberdeen sitima ya pamadzi imayenda maola pafupifupi 6, ndipo tsiku limene tinakwera ife nyanja inali itadzuka ndi mkwiyo. Ilala ndinakwerapo nthawi ya mwera, koma izi zinali zina. Ndinatsika ndili mbuu ngati ndagona paphulusa.

Chimene chinandidabwitsa kumeneko n'chakuti mitengo kulibe. Uku udzu, uku ng'ombe ndi nkhosa, uko nyanja, mphepo ikungokumenya kumaso osapumira. Timitengo tochepa timene tilipo tabisala m'tauni kuseri kwa nyumba. Mfundo imeneyi muisunge, ibweranso.

Ndiye Loweruka lapitali ndinachita zonse monga anatilangizira ku Kirkwall kuja: katambula kaja kotupa kumunsi koma kochepa kukamwa, kuthiramo pang'ono chabe, kudikira mphindi 10, kenako kununkhiza utayasamula pang'ono kuti mowa usakuwotche m'mphuno. Odziwa kufotokoza amati mwa ameneyu umamva uchi wa heather (kachitsamba ka maluwa ka m'mapiri a kuno), keke ya zipatso ija amadya pa Khirisimasi, malalanje a ku Seville ndi utsi. Abale, ine keke imeneyo ndinailawa koyamba ndili ndi zaka 34. Kwathu Khirisimasi inali mpunga, nkhuku ndi Fanta. Heather ndimamuona akufiiritsa mapiri a kuno mu Ogasiti, koma uchi wake sunafikepo pa lilime langa. Ndinangozisiya zonsezo n'kufunsa mphuno yanga.

Choyamba kundipeza chinali chigafa cha bambo anga. Amene munakulira ku fodya mukulidziwa fungo la burley m'mamawa, ukamamutsitsa pa mikangala masamba atafewa ndi chinyezi cha usiku. Lotsekemera, koma osati la shuga. Pambuyo pake kunabwera khungu la nachesi louma, lija umalipeza m'thumba la yunifomu patatha sabata. Pa lilime uchi, koma osati wa m'sitolo: uchi wakuda wofula mumng'oma, umene umabwera ndi kafungo ka udzu umene anafukizira njuchi. Nditameza, patapita kanthawi, kautsi kanatulukira kumbuyo kwa mmero, kakutali, ngati lupsa limene linapsa dzulo tsidya lina la dambo.

Ndili mkati mosangalala choncho anatulukira alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Ndinawalandira, ndinawaonetsa botolo monyadira, n'kupita kukhitchini kukatembenuza nyama. Pobwera ndinapeza atenga tambula ija timamwera Sobo, athira whisky mpaka pakati, ayisi pamwamba, n'kudzazitsa ndi Coke. Akuti, "Alamu, kamowa kanu aka n'kabwino, koma kanachepa shuga." Ndinangoti zikomo. Unganene chiyani kwa munthu amene unakwatira mlongo wake?

Ndiye ndifunse. Za chigafazi ndi misala yanga, kapena ena munamvapo zotere? Nanga kutsekemeraku kukuchokera kuti ngati sathiramo shuga? Mlandu wa alamu ndausiya m'manja mwanu.

Nesi wa Usiku:
Kkkkk achimwene mwandiseketsa ndili m'basi, anthu akundicheukira. Alamuwo asiyeni, mlendo ndi mame. Koma ulendo wina botolo lotere muzilibisa kuseri kwa thumba la ufa, patebulo pazikhala la mtengo wotsika. Za misala ayi. Ine sindimwa kwenikweni, koma ameneyu ndinamulawapo pa phwando la kuntchito, ndipo chimene chinandibwerera ndi chikondamoyo chopserera m'mbali, chija amayi ankaphika m'poto, makala pansi makala pachivundikiro. Nditawauza anzanga a ku Glasgow anangondiyang'ana.

Wa pa Joni:
Ine ndili mbali ya alamu. Munthu azimwa mmene kukhosi kwake kwafunira. Inu a ku UK mwayamba kutionetsa chizungu. Mowa mpaka kuudikira mphindi 10 ngati phala la mwana?

Mwana wa ku Kasungu:
Azimwa mmene wafunira akagula yekha, aise.

Wa pa Joni:
Pamenepo ndagonja kkk. Koma langa kuno analemba 43% ndipo ndi la 750ml. Lanu bwanji?

Mwana wa ku Kasungu:
40%, 70cl. Kapena anakugulitsa la ku Hillbrow.

Malume a ku Leith:
Mwadzuka bwanji nonse. Nkhaniyi ndinaiona usiku koma maso anali atalema. Ndatha zaka zambiri kuseri kwa kauntala mu Edinburgh muno ndikuthirira alendo mowa umenewu, ndiye ndinene zimene ndikudziwa.

Mphwanga wa pa Joni, botolo lako si lachinyengo. Kwa zaka zambiri lamulo la ku South Africa linkafuna kuti whisky asatsike pa 43%, ndiye opanga ankatumiza kumeneko wamphamvu pang'ono kuposa wa kuno. Ku America nakonso Highland Park 12 amamugulitsa pa 43%. Mwayi ndi wako.

Tsopano za shuga. Sathiramo ngakhale kanjere. Malamulo a Scotch a 2009 ndi okhwima. Kuti mowa utchedwe single malt uyenera kupangidwa pa distillery imodzi, ndiye kuti fakitale imodzi yotchezera mowa, kuchokera ku madzi, yisiti ndi chimera cha barele basi, kenako ugone m'migolo ya mtengo wa oak mu Scotland momwemo zaka zosachepera 3, ndipo m'botolo usatsike pa 40%. Inde, ndati chimera. Chimene eni ake amati malt ndi chimera chomwechi agogo athu amayanika pamphasa akafuna kuphika thobwa, kungoti ife timameretsa mawere kapena chimanga, iwo barele. Ndipo ukaona 12 pa botolo, ndiye kuti wamng'ono pa onse amene anasakanizidwa m'menemo wagona zaka 12. Ena angakhale achikulire kuposa pamenepo.

Akamatuluka mumphika wa mkuwa umene amatchezeramo, whisky amakhala woyera ngati madzi, ngati kachasu. Maonekedwe a uchi amene mukuonawo, ndi gawo lalikulu la fungo, zimachokera mumgolo. Migolo yambiri ya Highland Park imayamba yamwa sherry ku Spain. Sherry ndi vinyo wa kumwera kwa dzikolo, m'dera la matauni atatu: Jerez de la Frontera, Sanlúcar de Barrameda ndi El Puerto de Santa María. Mtundu umene umalowa kwambiri m'migolo ya whisky ndi oloroso, ndipo mungadabwe kuti oloroso weniweni satsekemera n'komwe. Amamveka ngati mtedza wokazinga ndi zipatso zouma. Ndiye kutsekemera ukukumvako, mphwanga wa ku Kasungu, kwambiri ndi mphuno ikunamiza lilime. Mphuno ikati kuno kuli uchi, lilime limangovomera.

Mbadwa ya ku Chikwawa:
Malume, mwati woyera ngati kachasu, ndiye mwandiitana. Azakhali anga anaphunzitsa ana asanu sukulu ndi kachasu wa masau. Ine ntchito yanga inali yosintha madzi m'kamgolo kamene paipi inkadutsamo kuti nthunzi izizire, madzi akatentha kutunga ena, tsiku lonse, utsi m'maso. Ndiye chimene mukufotokozachi ndi kachasu wopita kusukulu basi. Ndipo achimwene a ku Kasungu, musadziyese amisala. Chimene iwo amati zipatso zouma, ine mwa whisky wa sherry aliyense ndimamva masau ouma, aja ofiira okwinyika a m'malichero pamsika wa Nchalo. Osaphonya.

Malume a ku Leith:
Sindikukutsutsa, nzeru yake ndi imodzi. Koma tamvera pamene tasiyana. Kwanu botolo loyamba kudontha, nambala wani uja, ndi limene anthu amalimbirana. Kuno amatcheza kawiri, ndipo paulendo wachiwiri zoyamba kudontha sazitenga, zimaluma m'mphuno ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Zomalizira nazo sazitenga. Amangodula za pakati, zinazo n'kuzibwezera mumphika kuti zitchezedwenso ndi zotsatira. Pamene nambala wani wathu amadyera ulemu, apa amamubweza pakhomo.

China ndi kudikira. Azakhali ako sakanasunga mowa zaka 12 ana akufuna fizi. Ndipo zaka zonsezo mgolo umapuma, chaka chilichonse pafupifupi 2% ya mowa imauluka kudzera m'matabwa. Eni ake amati limenelo ndi gawo la angelo.

Mbadwa ya ku Chikwawa:
Angelo a ku Scotland ndiye akudyerera. Kwathu gawo limenelo linkapita kwa amuna awo a azakhali, ndipo silinali 2%.

Mkulu wa Mpingo:
Ana inu, ine ndimangowerenga mwakachetechete. Sindimwa ndipo simudzandimwetsa. Koma chimodzi chimandiseketsa ndekha. A mishoni a ku Scotland amene anabzala mpingo wathu ku Blantyre ndi ku Livingstonia ankalimbana ndi mowa wa masese koopsa, mpaka lero mayi akafulula timamudula mgonero. Ndiye ine kufika kuno, kwawo kwa a mishoniwo, kupeza kuti chimene dziko lawo limatchuka nacho ndi mowa. Komabe angelo musawalowetse m'nkhani zanuzi.

Malume a ku Leith:
A bambo, pepani, koma mwaiputa nokha. Highland Park amawerengera chiyambi chake ku 1798, ndipo nthano imene amaikamba ku Kirkwall ndi ya munthu wotchedwa Magnus Eunson, amene masana ankatumikira m'tchalitchi, usiku n'kumazembetsa mowa wosalipira msonkho. Akuti timigolo ankatibisa pansi pa gome lolalikirapo. Tsiku lina atamva kuti okhometsa msonkho ali m'njira, anatisamutsira kunyumba kwake, anatifunditsa nsalu yoyera ngati maliro, anthu atazungulira akulira. Aboma aja atalowa, wina anawanong'oneza kuti malemuwa apita ndi nthomba. Anatuluka chothawa. Ndi nthano, aliyense amaithira mchere wake, koma mpaka lero amaikamba monyadira.

Mkulu wa Mpingo:
Ameneyo kwathu tikanamuitanira ku sesheni Lachitatu lomwelo.

Nesi wa Usiku:
Achimwene a ku Kasungu, mwatisiya m'malere. Munati za mitengo zibweranso.

Mwana wa ku Kasungu:
Eya achemwali, ndinatengeka ndi za maliro a timigolo. Nkhani yake ili pa utsi. Barele akamera amayenera kuumitsidwa msanga kuti asapitirire kukula. Ku Highland Park gawo lina la chimera amapangabe okha ndi manja, zimene ambiri anasiya kalekale. Ndinaona ndi maso anga: chinyumba chachitali, pansi ponse ayala barele wonyowa, munthu akuyenda n'kumamutembenuza kuti mizu isalukane komanso kuti asatenthe. Fungo lake ndi la m'nyumba ya agogo sabata ya chinkhoswe, chimera chili pansi pa masaka.

Kenako amachiumitsa pa utsi wa peat. Peat ndi dothi lakuda la m'madambo a kuno, zomera zimene zakhala zikuwolerana zaka masauzande. Amalidula ngati zidina, likauma limayaka. Lawo amakumba pamalo otchedwa Hobbister Moor, kufupi ndi Kirkwall komweko. Ndiye poti chilumbacho chilibe mitengo, m'dothimo mulibe zitsa kapena mizu ya mitengo, mwadzaza heather. N'chifukwa chake utsi wake ndi wopepuka, wonunkhira ngati maluwa ouma akapsa. Ndiponso chimera chofukizacho amachisakaniza ndi china chambiri chosafukiza chochokera kumtunda, ndiye utsi umangotsala wa kutali uja ndinanena.

Pamenepa mpamene ndinawamvetsa bwino anthu amenewa. Bambo anga analimako chikopa, fodya wa utsi uja. Sankalola kuti tisonkhere nkhuni iliyonse. Ankati tsamba limanunkha chimene walifukizira. Munthu wotiyendetsa ku Kirkwall ankafotokoza zomwezo m'chingerezi cha kwawo chovuta kumva, ine ndikungogwedeza mutu ngati ndinaphunzira nawo.

Wa pa Joni:
Utsi ine ayi. Mnzanga wina anandilawitsa wa ku Islay, chilumba china cha ku Scotland, dzina ndaliiwala dala. Ndinaona ngati ndamwa mankhwala otsukira chilonda.

Nesi wa Usiku:
Amenewo ndikuwadziwa, amanunkha ngati wodi yathu ikangokolopedwa. Koma alipo anthu amawafera.

Malume a ku Leith:
Ine ndine mmodzi wa owafera, mundikhululukire. Koma si wa ku Islay aliyense amene ali ndi utsi. Mphwanga wa pa Joni, ukapeza Bunnahabhain wa zaka 12 umulawe. Usaope kalembedwe, umangoti Bunahaveni. Anayamba mu 1881, ali pa 46.3%, utsi wake sumveka kwenikweni, ndipo sherry amamveka bwino. Ofuna zonse ziwiri, utsi wambiri ndi sherry wambiri, kuli Loch Gorm wa ku Kilchoman, ka distillery ka pafamu kamene kanatsegulidwa mu 2005. Kuli Talisker wa ku Skye, wa Distillers Edition, amene amamumalizira m'migolo ya sherry wotchedwa amoroso, ndi Lagavulin wa Distillers Edition amene amamumalizira mu Pedro Ximénez. Ameneyu ndiye sherry wotsekemera zenizeni, wa mphesa zoyanika padzuwa, wakuda bii, wonanda ngati uchi wa nzimbe.

Ndipo kanthu kena koseketsa. M'sitolo mumaona shelefu atalemba Islands, kutanthauza zilumba, koma m'lamulo dera limenelo kulibe. Madera otchulidwa ndi asanu, Highland, Lowland, Speyside, Campbeltown ndi Islay. Orkney, Skye, Mull, Jura, Arran, onsewo amawaponya mu Highland. Anthu a ku Orkney zimenezi sizimawasuntha, chifukwa ngakhale u Scotland womwewo amauvomera ndi mtima umodzi. Zilumbazo zinali m'manja mwa mafumu a ku Norway mpaka 1468, pamene zinaperekedwa ngati chikole cha chuma cha ukwati wa mwana wamkazi wa mfumu ndi James III wa ku Scotland. Ndalama sizinabwere, zilumba zinatsala.

Mbadwa ya ku Chikwawa:
Ndiye kuti Orkney inapita ndi ngongole ya ukwati? A kumpoto pa gulu pano amve, malobola osamaliza amatengetsa munda.

Wa pa Joni:
Ine posankha ndimangoyang'ana mtundu. Akada kwambiri ndiye wakhwima. Ndalakwa?

Malume a ku Leith:
Wagwa m'mbuna imene ambiri amagweramo. Lamulo lomwe lija loletsa shuga limalola kanthu kamodzi, utoto wa caramel wotchedwa E150a, wongodetsa mowa kuti mabotolo azioneka ofanana. Ndiye whisky wa zaka 5 akhoza kuoneka ngati gogo. A Highland Park amanena kuti iwo sathira, mtundu wawo ndi wa mgolo. Koma ngakhale popanda utoto, kuda si msinkhu. Mgolo wa sherry wolandira whisky koyamba umadetsa msanga, pamene umene wagwira kale ntchito kawiri ukhoza kusunga mowa zaka 20 n'kutuluka wotuwa ngati udzu wouma.

Apa ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene pagona mtengo wa botolo. Kale sherry ankabwera ku Britain m'migolo, pa sitima. Ankatsitsa ku Bristol, ku London, ndi pano pa Leith pamene ndikukhala, nyumba zosungiramo vinyo zakalezo zilipobe, zina anazisandutsa mafulati. Vinyo akathiridwa m'mabotolo migolo inkangotsala, yotchipa, ndiye opanga whisky ankaitola. Sanachite kukhalira pansi kuti tiyeni tipange kukoma kwa sherry, anangotola chimene chinali pafupi, chinakoma. M'zaka za m'ma 1980 malamulo a ku Spain anasintha, sherry anayamba kuthiridwa m'mabotolo kwawo komweko, migolo inasiya kubwera.

Lero amachita kuitanitsa. Mtengo umadulidwa kumpoto kwa Spain kapena ku America, matabwa amayanikidwa, amisiri a ku Jerez amakhoma mgolo, amauthira sherry kuti ukhale naye chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako amamukhuthula, mgolo n'kunyamuka ulendo wa ku Scotland. Waukulu, umene amati butt, umalowa malita pafupifupi 500. Sherry wokhuthulidwayo nthawi zambiri salowa n'komwe m'botolo la vinyo, amathera ku viniga kapena kukatchezedwa. Yerekezani ndi migolo ya bourbon, whisky wa ku America, ya malita pafupifupi 200, imene ili mbwee chifukwa lamulo la ku America limafuna mgolo watsopano nthawi iliyonse, ndiye wakale amangougulitsa. Mukaona whisky wa sherry akudula, mukulipira ulendo wonse wa thabwalo.

Mtengonso uli ndi mawu ake. Oak wa ku Ulaya amapereka kuda, kukhakhala pa lilime ngati tiyi wokhalitsa m'ketulo, masau a mphwanga wa ku Chikwawa ndi chigafa cha mphwanga wa ku Kasungu. Wa ku America ndi wofatsa, amapereka vanilla ndi kafungo ka nachesi. Highland Park amagwiritsa ntchito yonse iwiri. Ndiye mphuno yako, mphwanga, inagwira mitengo iwiri ya m'maiko awiri, kungoti inaitchula m'Chichewa.

Mbadwa ya ku Chikwawa:
Dikirani malume. Vinyo wabwinobwino akupita ku viniga kuti thabwa likome? Ndi kuphika nyama n'kuitaya kuti unyambite mphika kumeneko.

Nesi wa Usiku:
Si mmene timachitira ndi mphika wadothi watsopano? Suyamba ndi ndiwo za alendo. Umayamba wauphikira phala la gaga, phalalo n'kupatsa nkhuku.

Mbadwa ya ku Chikwawa:
Achemwali mwandipha. Koma gaga si vinyo.

Woyendetsa Basi ku Leeds:
Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti. Ine ndili ndi dandaulo. Chaka chatha ndinadzigulira wa sherry wina pa tsiku langa lobadwa, dzina sinditchula, ndalama zake zinandiwawa. Kutsegula, fungo la machesi ongozimitsa kumene, pansi pake kadzira kowola. Mkazi wanga akuti sakumva chilichonse, akungomva zipatso. Tinakangana mpaka ndinayamba kudzikayikira. Anandigulitsa wowonongeka?

Malume a ku Leith:
Mwina ayi. Imeneyo ndi sulufule. Opanga vinyo ena amayatsa kandulo ya sulufule mumgolo wopanda kanthu kuti usachite nkhungu uli paulendo, ndipo fungolo limalowerera m'thabwa n'kudzatulukira mu whisky patapita zaka. Anthu timasiyana, ena mphuno zawo zimaigwira msanga, ena saimva n'komwe, ndiye inu ndi mayi nonse munkanena zoona. Nthawi zina imachepa botolo likakhala lotsegulidwa milungu ingapo, mpweya utalowamo. Nthawi zina imakakamira mpaka dontho lomaliza.

Woyendetsa Basi ku Leeds:
Yanga inakakamira. Mayi anamaliza okha botolo, mwakachetechete, miyezi itatu.

Malume a ku Leith:
Mphwanga wa ku Kasungu, ngati alamu anakusiyirako, yesa ichi madzulo ano. Thira pang'ono, nunkhiza, kenako donthezera madzi ndi kasupuni, madontho atatu kapena anayi, osati a mufiriji. Wa 40% safuna ambiri, amafooka msanga. Mu 2017 akatswiri a ku Linnaeus University ku Sweden anaonetsa kuti madzi amathandiza kuti guaiacol, kanthu kamene kamanyamula fungo la utsi, kakwere pamwamba pa mowa, pamene mphuno imafikira. Ayisi amachita zosiyana, kuzizira kumatsekera fungo pansi. Ukamaliza tambulayo usatsuke. Uivundikire ndi kasosala, udzainunkhize mawa.

Mwana wa ku Kasungu:
Ndabwera ndi lipoti, malume. Dzulo ana atagona ndinakhala pawindo. Dontho loyamba litagwa ndinaona timizere tikupota m'kati ngati mafuta akagwera m'madzi, kenako tinazimirira. Kununkhiza, chigafa chabwerera m'mbuyo, nachesi wabwera kutsogolo, ndipo tsopano si khungu louma, ndi lija ukangolisenda limakuthira m'maso. Ndinasunga pakamwa kanthawi ndisanameze. Achimwene a ku Chikwawa, masau anu ndawapeza, anabisala pansi pa uchi, ndi kowawasa kawo komwe. Chikondamoyo cha achemwali ndinachifunafuna osachipeza, mwina amayi anu ankapsereza kuposa anga. Nditawonjeza madontho ena awiri zonse zinaphwa, kunangotsala madzi a uchi. Ndaphunzira malire.

Koma za m'mawa uno ndiye zandikhudza. Kuchotsa kasosala, m'tambula mouma gwa, fungo ndi la chikopa chenicheni, ndi thabwa lakale, ngati m'kati mwa sutikesi ya bambo imene ankasungiramo jekete la kutchalitchi ndi mapepala a ku okushoni. Bambo anatisiya mu 2011. Ndinaima pasinki nthawi yaitali, mpaka mwana anandifunsa ngati tambulayo yasweka.

Mkulu wa Mpingo:
Pepa mwana wanga. Tambula yopanda kanthuyo ndiye ngakhale ine ndikhoza kununkhiza.

Nesi wa Usiku:
Pepani achimwene. Koma poti ndine nesi mundilole ndiwononge chisangalalo pang'ono. Kamuyezo ka 25ml ka mowa wa 40% ndi unit imodzi, botolo lanulo lili ndi 28, ndipo malangizo a kuno amati munthu asapitirire 14 pa sabata. Theka la tambula ya Sobo limene anathira alamu ndi ma unit ngati asanu pakamodzi, ndipo Coke amabisa ukali, munthu amangomeza ngati thobwa. Komanso kuyambira 2014 malire a woyendetsa galimoto ku Scotland ndi otsika kuposa a ku England, mamiligalamu 50 a mowa mu 100ml ya magazi, osati 80. Ndikhulupirira anabwerera pa basi.

Mlamu Mwiniwake:
Ndinabwerera pa basi, achemwali, musade nkhawa. Moni nonse. Alamu, mwaiwala kuti munandilowetsa nokha pa gulu lino chaka chatha? Ndawerenga zonse kuyambira Lolemba, ndimangodikira kuti mlandu ufike pa chigamulo.

Wa pa Joni:
Kkkkkkk ndafa ine. Adimini musafufute chilichonse.

Mwana wa ku Kasungu:
Alamu, ndimangocheza. Mukudziwa kuti pakhomo panga ndi panu.

Mlamu Mwiniwake:
Ndikudziwa, n'chifukwa chake ndinadzithirira. Koma ndiyankhepo. Ndisanathire Coke ndinanunkhiza, ndipo ndinamva kabati ya agogo ku Ntcheu, mmene ankabisamo shuga wabulauni ndi fodya wawo wa mphuno. Ndinaopa kunena, ndimati mundiseka, poti inu munali ndi mawu a ku Kirkwall. Ndikanadziwa kuti pa gulu pano zigafa ndi masau zikuloledwa, bwenzi nditamwa choncho. Malume, Bunahaveni uja ndamupeza, ndibwera naye Loweruka kudzapepesa. Coke ndisiya kunyumba.

Chinanso alamu, poti lero ndi tsiku loulula. Sindinathire kamodzi. Kachiwiri munali mutatuluka kukataya zinyalala.

Mwana wa ku Kasungu:
Ndangopita kukaliyang'ana pa kuwala. N'zoona. Ine ndimati ndi angelo.

Malume a ku Leith:
Chotsalacho musachikhudze mpaka Loweruka, ndikwera sitima ya m'mawa. Tikawaike awiriwo pambali pambali. Wina abweretse masau ngati alipo amene anabwera nawo kuchokera kumudzi, ndikufuna ndinunkhize ndekha.

Mbadwa ya ku Chikwawa:
Ndili nawo theka la jumbo mufiriza. Koma ndi owerenga.